Okestra ya m'chikwatu

Mukamva nyimbo pa wailesi, kumbuyo kwa woimba kukulira mavayolini ambirimbiri, malipenga akuyankhira, musafulumire kuganiza kuti mu situdiyomo munadzaza anthu. Okestra yathunthu imakhala ndi oimba 70, mwina mpaka 100, ndipo kuwasonkhanitsa tsiku limodzi lokha kumafuna ndalama zoti mwini situdiyo wamba sangazione. Kawirikawiri mumakhala munthu mmodzi, kompyuta ndi kiyibodi yaing'ono. Komabe mawu a vayoliniwo si abodza ayi. Anawaliza munthu weniweni, kwinakwake, mwina zaka khumi zapitazo. Khalani pansi, m'bale wanga, ndikufotokozereni, chifukwa ntchito yake mukuidziwa kale. Ndi ija ya mfutso.

M'dzinja nkhwani ndi chitambe zimachuluka mpaka kusowa wozidya. Amayi amathyola, kuwiritsa pang'ono, kuyanika pamphasa, zikauma n'kumanga m'chikwatu n'kupachika kudenga. Ikafika Okutobala, kumunda kuli gwa, amamasula chikwatu chija n'kumatapa. Ojambula mawu amachita chimodzimodzi. Amaitana katswiri wa vayolini, kumuikira maikolofoni, n'kumupempha kuti asaimbe nyimbo, angoliza noti imodzi n'kuikoka mpaka ithe. Akatero apite pa noti yotsatira, kuyambira yotsikitsitsa mpaka yokwereratu. Kachidutswa ka mawu kotere amakatcha sample. Tizidutswa tonse tikamangidwa pamodzi mwadongosolo timatchedwa library, ndicho chikwatu chathu chija. Inu mukadina batani pa kiyibodi, kompyuta imatapa noti yoyenera n'kuiliza. Kusiyana kwake n'kumodzi: mfutso uwu sutha. Mutape kangati, mugawire mudzi wonse, chikwatu chimakhala chodzazabe. Pamenepa ndi pamene pachokera nkhani ya chilolezo, koma tifikapo.

Nzeruyi si ya dzulo. Mu 1963 ku Birmingham, ku England, anayamba kupanga chida chotchedwa Mellotron. Pansi pa batani lililonse panali tepi yakeyake, yolira masekondi pafupifupi 8 basi. Zitoliro zimene zimayamba nyimbo ya The Beatles ya "Strawberry Fields Forever", ya mu 1967, zinachokera m'chida chimenechi. Mu 1979 ku Sydney kunatuluka Fairlight CMI, yosunga mawu m'kompyuta m'malo mwa tepi, koma mtengo wake unali wa oimba a ndalama okhaokha. Lero ngakhale kiyibodi ya kutchalitchi kwanu, mnyamata uja akasankha mawu olembedwa kuti strings, ikutapa m'kachikwatu kamene fakitale inamangira m'kati.

Mwina mufunsa kuti, ngati ntchito yake n'kungojambula manoti, n'chifukwa chiyani zikwatu zina zimagulitsidwa madola mazanamazana pamene zina n'zaulere? Yankho lagona pa kuchuluka kwa zimene zinafutsidwa. Tengani lipenga. Mukaliuzira pang'onopang'ono limatulutsa mawu ofewa, ozungulira. Mukaliuzira ndi mphamvu mawuwo amasintha mtundu, amathwa, amang'ambika. Simungatenge mawu ofewa aja n'kungokweza voliyumu kuti amveke aukali, khutu limazindikira. Ndiye noti imodzi yomweyo iyenera kujambulidwa motsitsa, mwapakatikati ndi mokweza. Njira yotchedwa MIDI, imene kiyibodi ndi kompyuta zimalankhulirana kuyambira mu 1983, imayeza mphamvu ya chala chanu kuyambira pa 1 mpaka 127, ndipo kompyuta imasankha sample yogwirizana ndi mphamvuyo. Vayolini nayo ili ndi malizidwe ambiri. Pali kukoka uta motalika monga achitira woimba kaligo, pali kudukiza, pali kunjenjemeretsa uta, pali kusiya uta n'kukodola nsambo ndi chala. Kalizidwe kalikonse n'kujambula kwakenso, pa noti iliyonse.

Sizithera pomwepo. Munthu akaliza noti imodzi kanayi motsatizana, maulendo anayiwo sangafanane ndendende. Kompyuta ikabwereza sample imodzimodzi kanayi, zimamveka ngati mfuti yachiwaya, ndipo opanga nyimbo amazitchuladi choncho. Mankhwala ake n'kujambula notiyo kangapo kuti kompyuta izisinthasintha. Ndiye palinso kamawu kakang'ono kamene kamamveka chala chikamachoka pa noti ina kupita pa inzake uta usanaime. Kampani ya Vienna Symphonic Library, ya ku Austria, inatchuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 chifukwa chojambula ngakhale timawu ta pakati timeneti. Tsopano werengerani: mphindi imodzi ya mawu omveka bwino ngati a pa CD imadya malo okwana pafupifupi 10 MB. N'chifukwa chake zikwatu zikuluzikulu zimafika ma gigabyte mazanamazana. Chaulere chimakhala ndi masamba enieni omwewo, kungoti ndi ochepa: mwina mphamvu imodzi kapena ziwiri, malizidwe atatu kapena anayi. Kwa munthu wa bandulo yowerengera ndi laputopu yokalamba, kuchepako nthawi zina n'chimwayi.

Nanga zaulerezi zili kuti? Zina ndi masamba omwazika, osamanga. Pa University of Iowa, ku America, Lawrence Fritts anayamba mu 1997 kujambula zoimbira noti ndi noti, pa mphamvu zitatu, n'kuziika pa intaneti kuti aliyense atenge popanda malire. Zambiri anazijambulira m'chipinda chomangidwa mwapadera kuti mawu asabwerere kuchokera m'zipupa. Philharmonia Orchestra ya ku London nayo inaika poyera ma sample masauzande angapo, olizidwa ndi oimba ake enieni. Zonsezi n'zabwino, koma mukazitenga mupeza mulu wa mafayilo, iliyonse noti yake, ndipo ntchito youza kompyuta kuti fayilo iti ndi ya batani liti ikudikira inu.

Mwamwayi alipo anthu opirira amene anagwira kale ntchitoyo. Mattias Westlund wa ku Sweden anatolera ma sample aulere a uku ndi uku n'kumanga Sonatina Symphonic Orchestra, imene inatuluka mu 2011 ndipo inatsegulira ambiri chitseko. Versilian Studios, yotsogoleredwa ndi Sam Gossner, inatulutsa VSCO 2 Community Edition mu 2016, yojambula yokha. Paul Battersby anasankha zabwino m'zikwatu zingapo, kuphatikizapo ziwirizi, n'kuzilinganiza kuti chida china chisamize chinzake, ndipo anatcha ntchitoyo Virtual Playing Orchestra. Anthu otere satchuka pa chikuto cha chimbale, koma nyimbo zambirimbiri zaima pa thukuta lawo.

Makampani nawo amagawa, ngakhale kuti wamalonda akakulawitsani amayembekeza kuti mawa mudzagula. Mu 2020 Spitfire Audio ya ku London inatulutsa BBC Symphony Orchestra Discover, yojambulidwa ku Maida Vale Studios, yonse m'malo okwana pafupifupi 200 MB. Poyamba munthu ankalipira madola 49, kapena kuyankha mafunso n'kudikira masabata awiri. Pambuyo pake inakhala yaulere ndithu. Kwa woyamba kumene ine ndimaloza imeneyi, chifukwa zida zonse zinajambulidwa m'holo imodzi, chilichonse pampando wake, ndiye zimagwirizana zokha. Aphunzitsi a kwaya amene amalemba manoti angakonde MuseScore 4, ya mu 2022, imene imaliza zolembedwazo ndi mawu a Muse Sounds, aulerenso.

Chenjerani ndi nkhani ya mphika. Mfutso sudyedwa wouma, ndipo chikwatu cha ma sample chimafuna pulogalamu yochiliza, imene amaitcha sampler. Mafayilo othera ndi .sf2 ndi a mtundu wa SoundFont, wa m'zaka za m'ma 1990, ndipo mapulogalamu ambiri amawawerenga. Othera ndi .sfz, monga a Sonatina ndi Virtual Playing Orchestra, amalira bwino mu sforzando, pulogalamu yaulere ya kampani ya Plogue ya ku Montreal. Ubwino wa SFZ n'ngwakuti ndi kalata wamba: mukhoza kuitsegula ngati chikalata chilichonse, n'kuona mzere wonena kuti fayilo yakuti ilire pa batani lakuti, ndipo noti ina ikamaphokosera mungaitsitse nokha. Msampha uli pa Kontakt, ya kampani ya Native Instruments. Ilipo yaulere yotchedwa Kontakt Player, ndiye ilipo yathunthu yogula. Zikwatu zambiri zolembedwa kuti n'zaulere zimafuna yathunthuyo, ndipo mu Player zimalira mphindi 15 kenako zii. Werengani kaye mphika umene chikufuna musanawotche bandulo.

Tsopano pa kaphikidwe, pamene ambiri amagwa. Munthu amatenga chikwatu chabwino, n'kugwira makodi a zala zisanu ngati akuimba piyano, zikamveka ngati limba lakale n'kumanyoza chikwatu. Vuto si masamba. Okestra siimba makodi choncho. Imagawana ngati kwaya: mavayolini oyamba mzere wawo, achiwiri wawo, viola wake, cello wake, besi pansi. Jambulani mzere uliwonse paokha ndi chala chimodzi, mudzamva kusintha. Kumbukiraninso kuti woimba chitoliro ali ndi mapapo. Mukamupatsa noti ya theka la mphindi osapuma, womvera amadziwa kuti ndi makina ngakhale sangathe kunena chifukwa chake. Chida chilichonse chilinso ndi malire. Vayolini sitsika kupitirira G ya pansi pa C yapakati, ndipo kompyuta ikakulolani kuitsitsa koposa apo, mawuwo salinso a vayolini. Noti yaitali isamangokhala njo. Woimba weniweni amaiyamba motsitsa, kuikuza, n'kuibweza. Ngati chikwatu chanu chikulola, kagudumu kaja ka kumanzere kwa kiyibodi ntchito yake ndi imeneyi, ndipo dzanja lamanzere lisachokepo.

Pomaliza pake kutendera. Ma sample ambiri a ku Iowa aja ndi ouma kwambiri, alibe kulira kwa chipinda ngakhale pang'ono, ndipo pawokha amamveka ngati woimba wakukhalirani pakhutu. Nsinjiro zake ndi reverb, imene imabwezera mawu kamvekedwe ka m'holo. Thirani yofanana pa zida zonse kuti zimveke ngati zili m'nyumba imodzi. Koma a BBC aja anabwera otendera kale. Mukawonjezera yambiri, zonse zimasanduka phala.

Tibwerere ku chilolezo chija. Mnansi akakupatsani chikwatu, mukhoza kuphika, kudyetsa alendo, ngakhale kugulitsa nsima ndi ndiwozo palesitilanti panu. Chimene sangakondwe nacho n'kukupezani pamsika mukugulitsa chikwatu chomwecho ngati munafutsa nokha. A Philharmonia ananena zomwezi: gwiritsani ntchito m'nyimbo zanu, ngakhale zamalonda, koma musagulitse kapena kugawa ma sample momwe alilimo. Za makampani ngati Spitfire Audio zimamangidwa ku akaunti yanu; nyimbo ndi yanu, koma mafayilo si oti muzikopera anzanu pa fulashi. VSCO 2 Community Edition ili pa chilolezo cha CC0, kutanthauza kuti eni ake anamasuliratu: koperani, sinthani, gawirani amene mwafuna. Pa Freesound, nkhokwe imene inayambika mu 2005 pa Universitat Pompeu Fabra ku Barcelona, mawu aliwonse ali ndi chilolezo chawochawo. Olembedwa BY amafuna mutchule mwini. Olembedwa NC amaletsa malonda, ndipo nyimbo yoti mudzaigulitse kapena kuiika m'chilengezo cha malonda yagwa kale m'gulu loletsedwalo, ngakhale ikhale yauzimu.

Ndikudziwa kuti m'masitudiyo ambiri mumayenda mahadi diraivi odzaza ndi zikwatu zodula zothyoledwa maloko. Sindikuuzani za mavairasi, mukuwadziwa. Ndingoti woimba amene amalira nyimbo yake ikamawotchedwa pamsika popanda chilolezo, ayenera kukumbukira kuti wa vayolini uja nayenso anakhala masiku ambiri pampando akuliza noti imodziimodzi, kuyembekeza kudya za ntchito yakeyo. Komanso kuunjika zikwatu makumi asanu sikuphikitsa munthu. Amene wadziwa chimodzi bwinobwino, kudziwa noti imene imavuta ndi chida chimene chimachedwa kulowa, amaposa wa hadi diraivi yodzaza.

Kugawana kulinso ndi mbali ina, yopereka. Mu 2018 Christian Henson, mmodzi mwa oyambitsa Spitfire Audio, anayambitsa Pianobook, kumene anthu wamba amaika zida zimene ajambula okha m'nyumba zawo. Zambiri za kumeneko zimalira mu Decent Sampler, pulogalamu yaulere ya David Hilowitz. Ngati muli ndi mnzanu wa lipenga m'bandi, kapena agogo odziwa bangwe, ntchitoyi simungailephere: chipinda cha zii, maikolofoni imodzi yosasuntha, noti iliyonse motsitsa ndi mokweza, dzina la noti pa fayilo iliyonse. Musanayambe, gwirizanani ndi woimbayo ngati akulola kuti mawu ake apite kwa anthu osawadziwa, ndipo mulembe papepala. Pogawapo, m'bale wanga, ikanimo kafayilo konena dzina la woimba ndi zimene mwalola, kuti wotenga asachite kulota.