Mwana amene sachoka pagalasi

M'makomboni a ku Shurugwi, Zvishavane, Kwekwe ndi Redcliff, kumene kukukhalabe zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'fakitale ya zitsulo, kalilole si chinthu wamba. Mvula ikachita mdima, agogo amathamanga kukavundikira galasi ndi nsalu poopa mphenzi. Asing'anga ena amaombezera pagalasi. Nchifukwa chake mwana wa zaka 4 amene satembenuka akaitanidwa dzina, sayang'ana mayi ake m'maso, koma amatha ola lathunthu akupendeketsa kachidutswa ka galasi padzuwa, sachedwa kuyambitsa manong'onong'o. Ena amati akuona mizimu, ena amati analodzedwa, ndipo ena amaloza chala bambo ake kuti anakhwimira golide.

Ena mwa ana otere ali ndi autism. Uku ndi kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka anthu ambiri, kamene kamakhudza kulankhula, kucheza ndi anthu, komanso momwe munthu amamvera phokoso, kuwala ndi kukhudzidwa. Dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore, ku America, analemba za ana 11 otere mu 1943. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2022 anayerekeza kuti padziko lonse mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi autism. Chibadwa cha kumtundu chili ndi gawo lalikulu. Katemera alibemo mlandu: lipoti la mu 1998 limene linafalitsa mphekesera imeneyi linachotsedwa mu magazini ya The Lancet mu 2010.

Funso limene makolo amafunsa alangizi nlakuti, kodi mwanayu akudziwa kuti amene akumuonayo ndi iye mwini? Akatswiri ali ndi njira yoyesera zimenezi. Mu 1972 Beulah Amsterdam ankapaka kadontho kofiira pamphuno pa mwana nkumuika patsogolo pa galasi. Mwana akagwira mphuno yake m'malo mogwira galasi, ndiye kuti wadzizindikira. Ana ambiri amayamba kutero pakati pa miyezi 18 ndi 24. Pamene Geraldine Dawson ndi mnzake anayesa ana a autism mu 1984, anapeza kuti ambiri mwa iwo ankadzizindikira bwinobwino. Kusiyana kunaoneka pa zimene mwana amachita ndi galasilo. Gulu la Vasudevi Reddy ku England linasonyeza mu 2010 kuti ana a autism sankataya nthawi yambiri kucheza ndi nkhope zawo monga ankachitira anzawo. Mtima wawo unkathamangira kwambiri ku zinthu zina zooneka m'galasimo.

Mlangizi asatenge njirayi ngati sikelo yopimira autism. Ofufuza atayesa ana 82 a kumudzi ku Kenya, mu lipoti la mu 2011, ana awiri okha ndi amene anagwira chizindikiro chimene anawaika. Ambiri anangoti duu, maso pagalasi. Ofufuzawo sananene kuti anawo sadzidziwa. Anaona kuti mwana woleredwa mwaulemu sachotsa chinthu chimene wamkulu wamuika. Aliyense amene anakulira pakhomo la Achewa sangadabwe nazo zimenezi.

Omwe amafotokoza bwino nkhaniyi ndi eni ake. Donna Williams, mayi wa ku Australia amene analemba buku la Nobody Nowhere mu 1992, anasimba kuti ali mwana ankaona ngati m'galasi muli mtsikana wina, mnzake, ndipo ankayesa kulowamo kuti akamupeze. Akuluakulu ena a autism amanena kuti galasi limawapumitsa, chifukwa nkhope ya m'galasi sichita zodzidzimutsa: ukakweza dzanja, nayo ikweza. Nkhope ya munthu wina imasintha mosayembekezereka, ndipo kuyang'anizana nayo maso kumawatopetsa. Palinso amene salifuna nkomwe galasi. Kunyezimira kumawalasa m'maso, kapena kudziyang'ana okha m'maso kumawasowetsa mtendere chimodzimodzi kuyang'ana mlendo. Ana awiri a autism pakhomo limodzi angathe kukhala wina wokakamira pagalasi, wina wolithawa.

Galasi la m'nyumba lilibe choopsa chachikulu, malinga likhale lokhomedwa bwino pakhoma ndipo lisakhale losweka. Choopsa chili kunja. Chuma cha migodi ikuluikulu chitagwa, Ziscosteel ya ku Redcliff nkuleka kupanga zitsulo mu 2008 ndipo mgodi wa Shabanie nawo nkuima, anthu ochuluka anatembenukira ku golide wokumba pamanja. Makorokoza akachoka amasiya maenje osakwirira, ndipo dzinja likafika maenjewa amadzaza madzi odekha, onyezimira ngati kalilole wamkulu. Mwana amene amakopeka ndi kunyezimira, amene saopa kuya kwa madzi, amenenso sayankha pomufunafuna, ali pangozi kuposa anzake onse. Ofufuza a pa yunivesite ya Columbia anapeza mu 2017 kuti ku America mpata woti mwana wa autism afe pomira m'madzi unali woposa wa ana ena ka 160. Kumeneko nkumene madamu osambiramo amakhala ndi mipanda. Nanga kuno?

China ndi mercury, madzi a siliva amene okumba golide amagwiritsa ntchito pogwira golide, ndipo ena amasunga m'timabotolo m'nyumba zogona. Kadontho kake kamagubuduka nkumaonetsa nkhope ngati galasi. Ndi poizoni amene amaononga ubongo ndi impso, makamaka nthunzi yake pootcha. Botolo lotere lisapezeke pamene mwana aliyense angafikire, ndipo kuotchako kusachitikire m'khitchini.

Kumulanda mwana galasi kapena kumukwapula sikuchotsa chimene chimamukoka, kumangomutumiza kukachifuna kudzenje. Nkwabwino kumupezera chonyezimira chosavulaza, monga mbale yachitsulo yotsukidwa bwino kapena beseni la madzi ochepa wamkulu ali pomwepo. Mayi angathenso kukhala pambali pa mwanayo, onse nkuyang'ana m'galasi. Ana ena amene sapirira kuyang'anizana maso amalola kuonana ndi mayi awo kudzera m'galasi, ndipo mpata umenewu ndi wophunzitsira kutsuka mano, kusamba kumaso, kapena kutchula mphuno ndi khutu. Mwana akakana, asaumirizidwe. Amene galasi limamusautsa, livundikireni ndi nsalu monga muchitira nthawi ya mvula.

Mlangizi wa zaumoyo m'mudzi sapima autism, koma ali ndi maso ndi kope. Alembe zimene waona: kodi mwanayo amatembenuka akaitanidwa, amaloza chinthu ndi chala pofuna kuonetsa mayi ake, amatchula mawu angati, amasewera motani ndi anzake? Kenaka aperekeze banjalo kuchipatala chaching'ono kuti namwino alembe kalata yopita ku nthambi ya rehabilitation pachipatala cha boma, kapena ku Gweru Provincial Hospital. Kumeneko apemphenso kuti mwanayo apimidwe makutu, pakuti kusamva nako kumachititsa mwana kusayankha. Ngati wafika msinkhu wa sukulu, mphunzitsi wamkulu angathe kumutumiza kwa akatswiri a zamaganizo a unduna wa maphunziro. Ndipo mvula isanayambe, anansi onse a mumzere adziwitsidwe kuti mwanayu akasowa, oyamba kuthamanga alunjike kumaenje a madzi.