Eyakoni Ikaleka Kuziziritsa, Yambani Mwaona Fumbi Musanagule Gasi

Pomwe dzuwa la mwezi wa October lafika pachimake m'chigawo cha kum'mawa kwa dziko la Zambia, oyendetsa galimoto ambiri amadandaula kuti makina oziziritsa mpweya m'galimoto, omwe ambiri amawatcha eyakoni, sakuziziritsa monga kale. Kwa anthu a m'dera la Mfumu Zingalume m'boma la Chadiza, nkhaniyi imakhudza thumba, pakuti kukapeza mmisiri wokhala ndi zida zonse kawirikawiri kumafuna ulendo wa ku Chipata.

Ambiri amathamangira kunena kuti gasi watha. Koma gasi wa mu eyakoni sapsa monga petulo. Iye amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akachepa msanga ndiye kuti pali pomwe akutulukira. Kuonjezera wina osatseka pobookapo kuli ngati kutungira madzi m'dengu. Nthawi zinanso gasi amakhala alipo wokwanira, vuto lili kwina.

Makinawa amagwira ntchito motere. Kompuresa, yomwe imazunguzidwa ndi lamba wa injini, imapanikiza gasi mpaka kutentha. Gasiyo amapita ku kondensa, chitsulo cha timipata tambirimbiri chokhala kutsogolo kwa redieta, komwe mphepo imamuziziritsa nasanduka madzi. Kuchoka apo amadutsa pa kabowo kakang'ono kwambiri nalowa mu evaporator, yomwe ili kuseri kwa dashibodi, ndipo pamenepo amazizira kwambiri. Fani imakankha mpweya kudutsa pa evaporator kupita kwa anthu okwera. Chimodzi mwa zimenezi chikafooka, kuzizira kumachepa.

M'misewu ya fumbi ya kumidzi, choyamba kuchiganizira ndi sefa ya mpweya wolowa m'kati. M'galimoto zambiri za Toyota zochokera ku Japan, sefayi imakhala kuseri kwa kabokosi kosungiramo mapepala, kutsogolo kwa mpando wa wokwera. Ngati mpweya ukutuluka wozizira koma mofooka ngakhale fani ili pamwamba, itulutseni sefayo muione. Ikakhala yodzaza fumbi ndi masamba, kuisintha kokha kumatha kuthetsa vutolo pa mtengo wochepa.

Chachiwiri ndi kondensa. Ngati eyakoni ikuziziritsa bwino galimoto ili pa liwiro koma n'kuyamba kutulutsa mpweya wofunda mukaima pa msika, ndiye kuti mphepo siikudutsa mokwanira kutsogoloko. Njere za udzu, tizilombo ndi matope ouma zimatseka timipata take. Tsukani ndi madzi pang'onopang'ono injini itazima ndi kuzizira, osagwiritsa ntchito waya kapena madzi amphamvu kwambiri, pakuti timipatato timapindika msanga. Kenaka lizani injini, yatsani eyakoni, muone ngati fani ya kutsogolo ikuzungulira, manja ndi zovala zili kutali. Ikakhala chete, vuto lingakhale fyuzi, nthambo kapena mota ya faniyo.

Chachitatu n'kutchera khutu. M'galimoto zambiri zakale, mukadina batani la eyakoni mumamva kuti "ta" pomwe kompuresa ikugwira, ndipo kulira kwa injini kumasintha pang'ono. Pakapanda kumveka kanthu, onani fyuzi ndi lamba. Lamba wokhwefuka kapena wong'aluka amalira mokwiyitsa ndipo amaterereka. Dziwaninso kuti galimoto zina zimazimitsa zokha kompuresa injini ikatentha mopitirira, choncho yang'anani muvi wa kutentha kwa injini ndi madzi a mu redieta injini itazizira.

Mukaona kuti eyakoni yayamba bwino koma mpweya ukunka nuchepa pa ulendo wautali, kapena kuti evaporator yaundana ndi ayezi. Zimitsani eyakoni kwa mphindi zingapo fani ili chiyakire. Mpweya ukabwerera, m'fotokozereni mmisiri zimenezo. Koma madzi odontha pansi pa galimoto mukaima asakudetseni nkhawa, chifukwa ndi chinyezi chomwe makinawo achotsa mu mpweya.

Zonsezi zikakhala bwino, ndi pomwe mungaganizire za kuchucha kwa gasi. Gasi amayenda limodzi ndi mafuta a kompuresa, motero pomwe akutulukira pamaoneka banga la mafuta lomata fumbi, makamaka polumikizira mapaipi kapena pa kondensa pomwe mwala unagunda. Apa mwini galimoto alekere pomwepo. Osamasula paipi iliyonse, pakuti gasiyo ali pa mphamvu yaikulu ndipo atha kuvulaza khungu ndi maso.

Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wayeza ndi mageji, napeza pobooka, nakonza, kenaka nkukoka mpweya ndi chinyezi chonse ndi pampu asanathire gasi. Gasiyo amamuyeza pa sikelo molingana ndi kapepala komata pansi pa boneti, komwe kamanena mtundu ndi magalamu ofunika. Gasi wopitirira muyeso amachepetsa kuzizira ndipo amalemetsa kompuresa, yomwe ndi chipangizo chodula kuposa zonse m'makinawa.

Mtundu wa gasi ndi wofunikanso. Galimoto zakale zinkagwiritsa ntchito R12, yemwe anathetsedwa potsatira pangano la ku Montreal la mu 1987 kaamba koononga ozone, mpweya wa m'mlengalenga wotiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa. Kuyambira cha m'ma 1994 galimoto zambiri zinayamba kugwiritsa ntchito R134a, ndipo zatsopano zambiri zili ndi R1234yf. Mitunduyi siyenera kusakanizidwa. R134a naye amatenthetsa dziko kuposa mpweya wa carbon dioxide ka 1,430, n'chifukwa chake mayiko anagwirizana ku Kigali mu 2016 kuti achepetse gasi wa mtunduwu. M'dziko la Zambia, bungwe la ZEMA ndilo limayang'anira za mipweya yotereyi. Kanani gasi wa m'botolo losalembedwa bwino, ndipo musalole aliyense kuthiramo gasi wophikira, pakuti amagwira moto.

Eyakoni si ya ulemerero chabe. Woyendetsa wotenthedwa amatopa ndi kuodzera msanga, ndipo m'nyengo ya dzinja makina omwewa ndiwo amachotsa nthunzi pa galasi la kutsogolo kuti njira ioneke. Choncho iyatseni kwa mphindi khumi sabata iliyonse, ngakhale m'chisanu cha June ndi July, kuti mafuta azungulire ndipo mphira za polumikizira zisaume. Galimoto ikakhala padzuwa, tsegulani mazenera poyamba kuti mpweya wotentha utuluke, kenaka mutseke ndi kudina batani lozunguza mpweya wa m'kati. Ndipo musasiye mwana m'galimoto yotseka ngakhale kwa kanthawi kochepa.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sefa, kondensa, fani, fyuzi ndi lamba mungazione muli pakhomo panu, musanatulutse ngwee iliyonse.