Nyuzipepala ya Banja la a Aleke Banda

Kwathu kuno ku Luangwa tidziwa bwino zimene zimacitika mwini sitolo kapena mwini mabwato a nsomba akamwalira. Maliro asanathe, abale agawana kale maukonde, m'sitolo mwatsala mashelefu okha, ndipo mai wamasiye ndi ana angoti kakasi. Cifukwa cake tafuna kusimba za banja lina la ku Malawi, limene nchito yake siinafe pamodzi ndi woiyambitsa.

A Aleke Banda anabadwira m'dziko lathu lino, ku Livingstone, m'caka ca 1939, nakulira ku Southern Rhodesia. Atsamunda anawapitikitsira ku Nyasaland mu 1959, kumene iwo ndi a Orton Chirwa anayambitsa cipani ca Malawi Congress Party. Adakali mnyamata, anakhala mkonzi wa nyuzipepala ya cipanico, Malawi News. Pambuyo pake anakhala nduna ya zacuma, ndiponso mkulu wa kampani ya a Kamuzu Banda, Press Holdings. Koma ulemuwo unatha mwadzidzidzi: mu 1980 anaponyedwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu, nakhalamo zaka 12.

Anatuluka mu 1992, patapita miyezi yowerengeka cilembere Maepiskopi a Katolika kalata yao ya Lenti yodzudzula nkhanza za boma. Okwiya ndi kalatayo anatentha nyumba yosindikizira mabuku ya Ansembe a Montfort ku Balaka. M'masiku amenewo kusindikiza coonadi kunali kuika moyo paciswe. Komabe mu Julayi 1993, a Malawi atangosankha ulamuliro wa zipani zambiri, banjali linatulutsa nyuzipepala yake, The Nation.

Apa ndipo pagona nkhani. A Banda anabwerera ku ndale, nakhalanso nduna ya zacuma mu 1994, m'boma la a Bakili Muluzi. Amene anadzasenza udindo wa mkulu wa kampaniyo, Nation Publications, si mwana wa mlongo wao kapena mphwao, monga ambiri mwa ife tikadayembekezera, koma mwana wao wamkazi, Mai Mbumba. Atate anampatsa ciwongolero iwo adakali moyo, ndipo ife tiona kuti nzeru yaikulu inali pomwepo.

Mayeso enieni anafika mu 2010. M'caka cimeneco boma la a Bingu wa Mutharika linaletsa maofesi ake kulengeza malonda m'nyuzipepala za kampaniyi, ndipo mu Epulo a Aleke Banda anamwalira ku South Africa. Owerenga athu adziwe kuti ndalama zogulira nyuzipepala sizikwana kulipira mapepala, inki ndi anchito. Cimene cimadyetsa kampani yotere ndi zolengeza malonda, ndipo m'maiko athu wolengeza wamkulu ndiye boma. Mai Mbumba anatsala ndi maliro kunyumba, ndi thumba lobooka ku nchito.

Makina sanaime. Mu 2023 The Nation inakwanitsa zaka 30, idakali m'manja mwa banja lomwelo.