Mwini Wake wa Nambala Ndani?

Lero tikambirana za mkangano umene umabuka m'mabanja ndi m'misika ya ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona, wakuti ndalama za m'foni mwini wake ndani.

Airtel Money inayamba m'dziko muno m'chaka cha 2012, ndipo Mpamba wa TNM unatsatira mu 2013. Nthaŵi imeneyo simu inkagulidwa m'mbali mwa msewu ngati machesi. Zinthu zinasintha boma litalemba anthu m'kaundula wa unzika mu 2017, ndipo bungwe la MACRA linalamula kuti pofika pa 30 September 2018 nambala iriyonse ikhale italembetsedwa. Ena amene analibe chitupa anangobwereka cha amalume, cha mlamu kapena cha amuna awo. Apa mpamene panagona vuto.

Tiyerekeze mayi wogulitsa kaunjika pa msika wa ku Area 25. Nambala yake njodziŵika kwa ogula onse, ndipo ndiyo amaperekera masheya ku banki mkhonde, koma inalembetsedwa m'dzina la bambo a kunyumba. Tsiku limene ukwati watha, kampani siyang'ana amene anakhetsa thukuta, imayang'ana chitupa. Bambo aja akhoza kukatenga simu yatsopano ya nambala yomweyo, ya mayi n'kuthima pomwepo. Akamwalira, ndalamazo zimaŵerengedwa ngati chuma chamasiye, chimene chimagaŵidwa motsata lamulo la 2011, ndipo inu mukudziŵa m'mene achibale amachangamukira nkhani zotere.

Chopweteka koposa si ndalama ai, koma mbiri. Ngongole ya mayunitsi ya Kutapa kapena Pasavute imaperekedwa poona m'mene nambala yakhala ikugwirira ntchito. Motero kukhulupirika kumene mayiyu wakumanga kwa zaka kumamatirira ku nambala, osati kwa iye. Ngakhalenso wogula amakayika akaona kuti dzina lotuluka pafoni potumiza ndalama nlachilendo, pakuti akathyali onama kuti atumiza ndalama molakwitsa anachenjeza anthu kale.

Nayenso wobwereketsa chitupa asaone ngati ali pabwino. Nambala ikagwiritsidwa ntchito pobera anthu, apolisi amayamba kugogoda pakhomo la amene dzina lake liri m'kaundula.

Umwini wa nambala umatheka kusintha. Onse aŵiri amapita ku ofesi ya kampani, aliyense ndi chitupa chake, ndipo zimafunika kuti wolembetsa woyamba avomere. Nchifukwa chake ntchitoyi imaphweka aŵiriwo akadamalankhulana.