MATENDA OKHUMUDWA: MITUNDU YAKE NDI MATENDA ENA OYENDA NAWO

Chiyambi

Kunyanja kuno tonse timamudziwa munthu wotere. Kale ankakhala woyamba kukankhira bwato m'madzi kukapha usipa, koma lero ukonde wake ukuwolera pamchenga. Kondowole akangotema kawiri wasamba m'manja. Tulo sapeza, ndipo kumphakati adasiya kubwera. Ena amati ndi ulesi, ena amati adamulodza, enanso amati chikhristu chake chazilala. Koma nthawi zambiri munthuyu akudwala matenda okhumudwa, amene achipatala amawatcha depression.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidapeza kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni ankadwala matendawa. Amagwira amayi ambiri kuposa abambo, koma sasankha wolemera kapena wosauka, wopemphera kapena wosapemphera.

Kodi tingawazindikire bwanji?

Chisoni ndi cha aliyense. Tikaferedwa timalira, ndipo pang'onopang'ono mtima umakhala pansi. Matenda okhumudwa ndi osiyana. Munthu amakhala wosweka mtima pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo, ndipo zimene ankazikonda sizimukomeranso. Amaganiza kwambiri, amafooka, amasowa tulo kapena kugona mopitirira, amadziona wachabechabe, mwinanso amaganiza zodzipha. Ambiri akapita kuchipatala amangonena za mutu, msana kapena kuthamanga kwa mtima, za maganizo osazitchula.

Mitundu yake

1. Kukhumudwa kwakukulu. Kumabwera mwamphamvu mpaka munthu kulephera ntchito. Kumatha, koma kungathe kubwereranso.

2. Kukhumudwa kwamgonagona. Sikugwetsa munthu pamphasa, koma kumakhala zaka ziwiri kapena kuposerapo. Abale amazolowera n'kumati, "Ndi mmene aliri."

3. Kukhumudwa kwa amayi oyembekezera ndi amene angobereka kumene. Kumagwira amayi oposa mmodzi mwa amayi 10 alionse otere. Kuliralira kwa masiku oyamba mwana atabadwa kumatha kokha pasanathe masabata awiri. Kukapitirira, ndipo mayi akulephera kuyamwitsa kapena kusangalala ndi mwana wake, afunika thandizo. Tiganizire makamaka amayi amene amuna awo ali ku Joni ndipo akulera okha.

4. Matenda a bipolar. Wodwala amakhumudwa kwa nthawi, kenako amasinthiratu: amalankhula kosalekeza, sagona koma satopa, amamwaza ndalama. Tiyenera kuuza adokotala za mbali zonse ziwiri, chifukwa mankhwala a kukhumudwa akaperekedwa okha angathe kuutsa mbali yachiwiriyi.

5. Kukhumudwa kosokoneza mutu. Wodwala amamva mawu amene ena sakuwamva, kapena amadzinenera milandu imene sadapalamule. Wotere tisamuweruze pabwalo; tithamange naye kuchipatala.

Matenda oyenda nawo

Thupi ndi maganizo ndi nyumba imodzi. Denga likadontha, zipinda zonse zimanyowa.

HIV ndi chifuwa chachikulu cha TB: Anthu amene ali ndi matendawa amakhumudwa kawirikawiri kuposa ena. Munthu wokhumudwa amaiwala kapena kusiya kumwa ma ARV ndi mankhwala a TB, ndiye kachilombo kamachuluka ndipo matenda amakula. Choncho mnzathu akasiya mankhwala, tisathamangire kumukalipira. Tiyambe tafunsa za mumtima mwake.

Shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kufa ziwalo: Apa njira ndi ya mbali ziwiri. Matendawa amabweretsa kukhumudwa, ndipo kukhumudwa kumawakulitsa, poti wodwala sasamalanso za zakudya, mankhwala ndi masiku a kusikelo.

Khunyu: Odwala khunyu ambiri amakhumudwa, chifukwa cha matendawo komanso chifukwa chosalidwa. Auze adokotala kuti ali ndi khunyu, poti mankhwala ena a kukhumudwa sagwirizana ndi matendawa.

Mowa ndi chamba: Abambo ambiri amabisa kukhumudwa m'botolo la kachasu. Mowa umaiwalitsa usiku umodzi, koma m'mawa mavuto amakhala atawonjezeka.

Tidziwenso kuti kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro amafooketsa munthu mofanana ndi kukhumudwa. N'chifukwa chake kupimidwa kuchipatala n'kofunika.

Thandizo lilipo

Matenda okhumudwa amachizika. Poyambira ndi chipatala chathu chapafupi: ku Chintheche, ku Kande, ku Mpamba kapena ku Usisya. Akaona kuti n'kofunika amatumiza wodwala ku chipatala cha boma cha Nkhata Bay. Ku Mzuzu kuli chipatala cha St John of God, chimene a Brother a chipani cha Yohane wa Mulungu Woyera adayambitsa m'zaka za m'ma 1990 kuti chithandize odwala matenda a maganizo.

Chithandizo chili pawiri: uphungu ndi mankhwala, monga amitriptyline ndi fluoxetine. Mankhwalawa sagwira ntchito tsiku lomwelo. Pamapita masabata awiri mpaka anayi munthu asanayambe kupeza bwino. Akapeza bwino apitirize kumwa kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, monga adokotala anenera. Kupemphera ndi kumwa mankhwala sizitsutsana.

Udindo wathu

Mutu umodzi susenza denga. Tiyendere mnzathu amene wasowa pakati pathu, timumvere mosamuweruza, ndipo timuperekeze kuchipatala. Akanena zodzipha tisayese nthabwala. Kumufunsa mosabisa sikumupatsa maganizo oipawo; kumamupatsa mpata wolankhula. Tisamusiye yekha, tichotse pafupi naye zingwe ndi mankhwala ophera tizilombo, ndipo tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mabanja amene mbale wawo adadzipha tisawasale. Katekisimu wa Mpingo Wakatolika wa 1992, pa ndime 2282 ndi 2283, amaphunzitsa kuti kusokonezeka kwakukulu kwa maganizo kungathe kuchepetsa mlandu wa munthu wotere, ndipo Mpingo umamupempherera.

Mafunso okambirana kumphakati

1. Kodi kwathu kuno munthu wokhumudwa timamutchula mayina otani? Mayinawo amamuthandiza kapena amamubisitsa?

2. Ndani pakati pathu amene tatenga nthawi osamuona, ndipo adzamuyendera ndani sabata ino?

3. Wodwala akafuna kupita ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu, mphakati wathu ungathandize bwanji pa ndalama yoyendera?