Dripi sichotsa mowa m'thupi la munthu woledzera

KASUNGU — Nyengo yogulitsa fodya ikafika ndipo ndalama zikayamba kuyenda kuchokera ku msika wa Chinkhoma, malo omwera mowa m'madera monga kwa Mfumu Yaikulu Simlemba amadzaza. Ena mwa omwa kachasu mopyola muyeso amathera kuchipatala ali chikomokere, ndipo abale awo kawirikawiri amapempha kuti wodwalayo amuike dripi pokhulupirira kuti madziwo atsuka mowa m'magazi.

Chikhulupiriro chimenechi sichigwirizana ndi momwe thupi limagwirira ntchito. Gawo loposa 90 pa 100 la mowa womwe munthu wamwa limaphwanyidwa ndi chiwindi, ndipo wotsala pang'onowo ndiwo umatuluka kudzera mu mkodzo, mpweya ndi thukuta. Chiwindicho chili ndi liwiro lake, pafupifupi botolo limodzi laling'ono la mowa pa ola, ndipo madzi olowa mumtsempha sangachifulumizitse.

Kafukufuku yemwe adachitika ku Queensland m'dziko la Australia ndi kusindikizidwa m'chaka cha 2013 adatsimikiza izi. Mwa odwala 144 oledzera, ena adalandira dripi ya madzi a mchere pomwe ena adangoyang'aniridwa, koma magulu onse awiri adakhala m'chipatala nthawi yosasiyana kwenikweni.

Komabe pali odwala omwe dripi imapulumutsa moyo wawo. Oyamba ndi omwe asanza kwambiri mpaka madzi kuchepa m'thupi ndipo sangathe kumwa okha, komanso omwe magazi awo akuthamanga motsika. Ena ndi omwe shuga watsika m'magazi, poti mowa umalepheretsa chiwindi kupanga shuga, makamaka mwa ana ndi mwa munthu yemwe wamwa osadya. Otere amalandira shuga kudzera mumtsempha, ndipo kwa zidakwa za nthawi yaitali amaonjezerapo vitamini B1 pofuna kuteteza ubongo.

Chomwe chimapha msanga munthu woledzera ndi kutsamwa ndi masanzi kapena kuleka kupuma. Nchifukwa chake thandizo loyamba ndi kumugoneka cham'mbali osati chagada, kumufunditsa, kumuyeza shuga, ndi kuonetsetsa ngati sadavulale m'mutu. Munthu yemwe wagwa panjinga kapena kumenyedwa angaoneke ngati wangoledzera pomwe magazi akutayikira mu ubongo. Wotere ayenera kutumizidwa mwachangu ku chipatala cha boma cha Kasungu, kapena ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe.

Chiopsezo china ndi mowa woipitsidwa. Mowa wokhala ndi methanol umachititsa khungu ngakhale imfa, ndipo umafuna mankhwala apadera kapena makina osefa magazi. M'mwezi wa Januwale 2015, anthu 75 adamwalira ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique atamwa mowa wamasese pamaliro, ndipo zidapezeka kuti munali poizoni wochokera ku tizilombo tomwe tidamera mu ufa wofululira. Anthu angapo akadwala atamwera pamodzi, akuluakulu a zaumoyo m'boma ayenera kudziwitsidwa nthawi yomweyo.

Kwa oyendetsa zipatala, nkhaniyi ikukhudzanso kasamalidwe ka zipangizo. Madzi omwewa ndi omwe amafunika kwa amayi otaya magazi pobereka, ovulala pangozi ndi odwala kolera, matenda omwe adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno pa mliri wa 2022 mpaka 2023. Kuwapereka popanda chifukwa kungavulazenso wodwala mtima kapena impso chifukwa madzi amadzadza m'mapapo.

Dziko la Malawi lidakhazikitsa ndondomeko yake yoona za mowa m'chaka cha 2017. Mafumu, makhansala ndi alangizi a zaumoyo ali ndi udindo wofotokozera anthu kuti woledzera yemwe sakudzuka asasiyidwe yekha kuti agone, asamwetsedwe kanthu mokakamiza, koma atengeredwe kuchipatala, komwe anamwino ndi madokotala ndiwo angagamule ngati dripi ikufunika.