Kung'ung'uza ndi Kuimba Mluzu: Phunziro Loyamba la Kamvekedwe ka Mawu

Pepala lino likukamba za kanthu kamene ambiri angakayese maseŵera chabe, ndiko kuphunzitsa ana kusiyanitsa kung'ung'uza ndi kuimba mluzu. Ndifuna kusonyeza kuti mwana amene wazindikira kusiyana kwa ziŵirizi wagwira kale mfundo zitatu zimene timavutika nazo pofotokozera ophunzira akuluakulu: kumene liwu limachokera, kumene mpweya umatulukira, ndiponso kukwera ndi kutsika kwa liwu kumene kumasiyanitsa matanthauzo m'Chicheŵa ndi m'zilankhulo zambiri za m'chigawo chino.

Tiyambe ndi mayina. Mluzu uli ndi dzina lakelake, ndipo ena amati likhweru. Anansi athu nawonso ali nalo: m'Chiswahili amati mluzi, m'Chishona muridzo, m'Chizulu ikhwelo. Kung'ung'uza kulibe dzina lotere. Tili ndi mneni yekha, ndipo mneniyo ngwoyandikana kwambiri ndi kung'ung'udza, kumene kuli kudandaula chapansipansi, kotero kuti anthu ambiri amangosinthanitsa mawu aŵiriŵa. Mphunzitsi ayenera kunena poyera kuti akutanthauza kuimba nyimbo milomo ili chitsekere, popanda kutchula mawu. Vuto lina lili pa mneni kuimba. Timaimba nyimbo, timaimba ng'oma, timaimba belu, timaimba lamya, timaimbanso mluzu. Mwana amene wakula akumva mneni mmodzi pa ntchito zonsezi salakwa akaganiza kuti mluzu ndi nyimbo ya pakhosi yomwe ija, yangochepetsedwa. Khutu limamuthandiza kuganiza chomwecho, pakuti zonse ziŵiri zimanyamula maimbidwe a nyimbo popanda mawu ake. Kusiyana kwake kumapezeka m'thupi, ndipo ndi m'thupi momwemo mmene phunziro liyenera kuchitikira.

Pong'ung'uza, mpweya wochokera m'mapapo umadutsa pakati pa timinofu tiŵiri ta m'kholingo n'kumatinjenjemeretsa. Popeza milomo ndi yotseka, mpweyawo umakwera kuseri kwa denga la m'kamwa n'kutulukira m'mphuno. Liwu limakwera timinofuto tikakungika, ndipo limatsika tikakhwefuka, monga nsambo ya bangwe. Pa mluzu timinofu timeneti sitigwira ntchito konse. Mpweya umapanikizika pa kabowo ka milomo yosongoledwa n'kuliza mphako ya m'kamwa, monga mmene botolo limalirira mukaliuzira pakamwa pake. Wokweza kapena kutsitsa mluzu ndi lilime: likasendera kutsogolo mphako imachepa ndipo mluzu umakwera, likabwerera m'mbuyo mphako imakula ndipo mluzu umatsika. Kalilidwe kotere ka chinthu cha mphako kamadziŵika ndi dzina la Hermann von Helmholtz, amene buku lake lonena za kamvedwe ka maliwu linatuluka m'chaka cha 1863. Liwu lolankhulira la mwana limanjenjemera mwina ka 250 mpaka 300 pa sekondi, pamene mluzu wa milomo umayambira cha m'ma 500 n'kufika cha m'ma 4,000.

Zonsezi n'zofunika kwa mphunzitsi, osati kwa mwana wa Sitandade 1 kapena 2. Mwana angopatsidwa zoti achite. Aike zala pakhosi n'kung'ung'uza: amva pakhosi pakunthunthumira. Aimbe mluzu, kapena agwire pakhosi pa mnzake wodziŵa kuimba: pali zii. Kenaka ang'ung'uze, ndipo ali mkati adzitsine mphuno. Nyimbo imaduka pomwepo, ndipo apa ana amaseka, ena n'kumayesa mobwerezabwereza poganiza kuti mwina ulendo uno zitheka. Woimba mluzu akatsinidwa mphuno mluzu umangopitirira. Nthenga ya nkhuku yoikidwa patsogolo pa milomo imagwedezeka pa mluzu koma pong'ung'uza imangokhala. Wofuna kuwonjeza atseke makutu ndi zala: kung'ung'uza kumadzaza mutu wonse. Botolo la madzi limathandiza pa za lilime, pakuti mukamathiramo madzi pang'onopang'ono malo a mpweya amachepa ndipo kulira kwake kumakwera.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kuposa zonsezi chili m'magule athu. Ovina malipenga a ku Nkhata Bay ndi ku Karonga amaimba ndi zikho zokhala ndi kabowo komatidwa ndi kachikopa koyera ka kangaude. Munthu akangouzira mpweya m'chikhomo sichilira. Chimalira akatulutsiramo liwu la pakhosi, ndipo kachikopa kaja n'kumanjenjemera nalo. Wezulo ya wotsogolera gule ndi yosiyana: imafuna mpweya wokha. Motero m'bwalo limodzi muli mitundu yonse iŵiri. Komanso lipenga lotere limaphunzitsa china: liwu lake ndi la m'kholingo monga pong'ung'uza, koma mpweya ukutulukira pakamwa monga pa mluzu. Apa mwana amaona kuti mafunso ndi aŵiri, osati limodzi. Lina ndi lakuti kodi pakhosi pakunjenjemera, lina ndi lakuti kodi mpweya ukutulukira kuti.

Mafunso aŵiriŵa ndiwo maziko a katchulidwe ka malembo. Mwana amene wazoloŵera kuika zala pakhosi angathe kukoka s ndi z, kapena f ndi v, n'kupeza yekha chimene chimasiyanitsa kusula ndi kuzula, kufula ndi kuvula. Akadzitsina mphuno apeza kuti m, n, ny ndi ng' amatsamwa, pamene a ndi l amangopitirira. Adzazindikiranso kuti m wa kumayambiriro kwa mawu monga mtengo, mpando ndi mmodzi ndi kung'ung'uza kwakufupi kumene kumaima pakokha ngati phatikizo. Pano ndidandaule pang'ono za mayina amene tinatengera m'mabuku a malamulo a chilankhulo. Timaphunzitsa kuti a, e, i, o, u ndi malembo a liwu ndipo otsalawo ndi malembo opanda liwu. Mwana amene wangomva pakhosi pake pakunjenjemera potchula m ndi z angafunse kuti nanga liwu limene akulimvalo n'la yani. Funso lake ndi loyenera, ndipo ife okonza mawu ophunzitsira tiyenera kukhala ndi yankho.

Tsopano tifike pa mfundo yaikulu, ya kamvekedwe, ndiko kukwera ndi kutsika kwa liwu pa maphatikizo. Kalembedwe ka Chicheŵa sikasonyeza kamvekedwe. Malamulo a kalembedwe amene Chichewa Board inatulutsa mu 1973, 1980 ndi 1990 sanaike zizindikiro zake, ngakhale kuti Mark Hanna Watkins anali atazilemba kale m'buku lake la 1937, lija analemba mothandizidwa ndi Kamuzu Banda ku Chicago. Al Mtenje, Francis Moto, Sam Mchombo ndi Jonni Kanerva anaifotokoza nkhaniyi mozama m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndipo buku la Laura Downing ndi Mtenje la 2017 linaisonkhanitsa pamodzi. Koma nzeru zimenezi sizinatsike kwenikweni kufika m'kalasi la ana. Mwana amaŵerenga mawu akuti mtengo n'kudalira chiganizo chonse kuti adziŵe ngati ndi mténgo wa mango kapena mtengo wa pamsika. Pa aneni m'pamene pali ntchito yaikulu. Ndímathandíza ndi zimene ndimachita nthaŵi zonse, pamene ndimathándiza ndi zimene ndinkachita posachedwapa. Malembo ndi amodzimodzi, nthaŵi ya mneni ndi yosiyana. Mwana aliyense wa Chicheŵa amasiyanitsa mawuŵa polankhula, koma mukamufunsa chimene chasintha sangachitchule, chifukwa maganizo ake amathamangira ku tanthauzo.

Kuchotsa mawu n'kusiya maimbidwe okha ndiyo njira yoti mwana amve chimene akuchita. Njirayi si yatsopano. Kuyambira masiku a Kenneth Pike, amene buku lake la Tone Languages linatuluka mu 1948, ofufuza akhala akupempha eni chilankhulo kuti ang'ung'uze kapena kuimba mluzu mawu amene akuŵafufuza. Koma kaŵirikaŵiri njira ziŵirizi zimatchulidwa pamodzi ngati n'zofanana, ndipo ine ndikuona kuti si zofanana. Wong'ung'uza mawu sachita chachilendo. Amalankhula monga mwa masiku onse, wangotseka milomo, ndipo kholingo limachita lokha zimene linazoloŵera. Angathe kung'ung'uza mténgo molondola asakudziŵa n'komwe kuti liwu lakwera pa phatikizo lapakati. Woimba mluzu alibe thandizo lotere. Kholingo lili chete, ndipo ayenera kumva kaye pamene liwu lakwera, kenaka n'kulamula lilime kuti lichite ntchito imene polankhula siligwira. Choncho kung'ung'uza kumavumbula kamvekedwe, koma mluzu ndiwo umboni wakuti mwana wakazindikira. Dongosolo la phunziro lichokere pamenepa: ana atchule mawu, aŵang'ung'uze onse pamodzi, mphunzitsi aimbe mluzu wa limodzi mwa mawu aŵiri ndipo ana alote kuti ndi liti, ndipo potsiriza pake odziŵa mluzu ayese okha.

Kuti mluzu ungathe kunyamula chilankhulo zinatsimikizika kalekale. George Cowan anafotokoza mu 1948 mmene anthu a mtundu wa Mazatec ku Mexico amachezera pa mluzu potsata kamvekedwe ka mawu awo. Pa chilumba cha La Gomera, kumene chilankhulo ndi Chisipanishi chopanda kamvekedwe kosiyanitsa matanthauzo, mluzu umatsanzira malembo a liwu m'malo mwake. Silbo Gomero, monga amautchulira, unakhala phunziro lokakamiza m'sukulu za pachilumbapo mu 1999, ndipo UNESCO inauzindikira mu 2009. Chicheŵa chili m'gulu la Chimazatec pa mfundo imeneyi. Anzathu a Chishona achenjeze ophunzira awo kuti sv ndi zv, amene amamveka ngati kamluzu, ndi malembo a m'mawu, ndipo ndi nkhani ina.

Zovuta zilipo. Ana ambiri aang'ono satha kuimba mluzu, makamaka a zaka 6 ndi 7 amene mano akutsogolo akuguluka, ndipo kuŵakakamiza n'kuŵachititsa manyazi pachabe. Mwana wotere angathe kupambana anzake pa kulota mawu ngakhale iye mwini asanalize mluzu n'kamodzi komwe. Palinso mwambo. Kung'ung'uza mwana amakumva ali kumsana kwa mayi ake, ndipo palibe amene amakuletsa. Mluzu ndi wa kubusa, woitanira agalu ndi kukusira ng'ombe. M'midzi yambiri mwana woimba mluzu usiku amadzudzulidwa kuti akuitana afiti, ndipo m'mabanja ena mtsikana woimba mluzu amayesedwa wopanda mwambo, monganso mnyamata wouimba pamaso pa akuluakulu. Mphunzitsi asanyoze zimenezi pamaso pa ana. Phunziro lichitike masana, pabwalo, ndipo asapereke ntchito ya mluzu yokachitira kunyumba. Mtsikana amene sakufuna kuimba akhale woweruza, wogwira pakhosi ndi kulota mawu.

Chovuta chotsiriza n'cha ife eni. Kamvekedwe ka Chicheŵa sikafanana m'madera onse. M'madera ena liwu lokwera limafalikira pa phatikizo lotsatira, pamene kwina silitero, ndipo mwana wa ku Nkhotakota, wa ku Ntcheu, wa ku Chipata ndi wa ku Tete angang'ung'uze mneni mmodzi mosiyana pang'ono. Mphunzitsi wochokera dera lina asafulumire kunena kuti mwana walakwa. Asanayambe phunziro, amvetsere kaye mmene ana a pamalopo amatchulira mawu amene wasankha, ndipo agwiritse ntchito mawu aŵiriaŵiri okhawo amene iye ndi anawo amaŵasiyanitsa mofanana.